Cholembera chinali m'manja mwanga

Kwathu ndi kumtunda kwa Ntcheu, mbali ya ku Tsangano, kumene mu Juni madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo munthu akamayenda modzikhulupirira ndiye kuti kachewere wamuyanja chaka chimenecho. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndagwira choko zaka zoposa 20, ndipo pabanja pathu chilichonse cholembedwa papepala chimafikira kwa ine: kalata ya kuchipatala, fomu ya ngongole ya feteleza, uthenga wa pafoni umene wabwera m'Chingerezi. Nkhani ndikufuna kukuuzaniyi ndi ya pepala limodzi lotere. Wolakwa ndine, koma amene analipira ndi mwana wa mchemwali wanga. Dzina lake ndilisunga.

Mtsikanayu anaphunzira pa sekondale yoyendera. M'mawa uliwonse ankatsika phiri n'kukwera lina, nsapato zili m'manja kuopa kuti mame angazithe msanga, ndipo akaweruka ankafikira kudimba kukathandiza mayi ake kuthirira. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6. Zotsatira za MSCE zitatuluka tinamva kuti wapeza mapointi 14. Agriculture anali ndi 1, Chichewa 1, Biology 2, Geography 2, Masamu 4, Chingerezi 4. Chemistry anapeza 5, Physics 6. Manambala amenewa lero ndinawaloweza ngati tsiku langa lobadwa, chifukwa nkhani yonse inagona m'menemo. Koma tsiku limenelo ine ndinaona nambala imodzi yokha, 14.

Nthungululu za mchemwali wanga zinamveka mpaka kutsidya. Anapha tambala amene ankasungira Khirisimasi. Madzulo, akundithira madzi osamba m'manja, anati, "Achimwene, mwana wanu wakhoza. Za mayunivesitezo ife sitizidziwa. Mutitsogolere ndinu, paja mwinimbumba ndinu."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Sindinaganizeko n'komwe zoti nanenso mwina sindizidziwa.

Bungwe la NCHE, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite aboma, litalengeza kuti nthawi yofunsira malo yakwana, tinakhala pansi usiku wina kuti tiyambe talemba papepala tisanapite kuboma kukalowetsa pa kompyuta. Tinali pa mphasa, nyale ya batire ili pa mtondo wovundikira. Mtsikanayo anatulutsa kope lake lakale la Agriculture, n'kutsegula tsamba lakumapeto. Anali atalembamo kale ndi pensulo zofuna zake. Pamwamba penipeni panali mawu akuti Bunda.

"Amalume, ine ndimafuna ku Bunda," anatero chapansipansi.

"Ku Bunda kukatani? Khasu walisiya pakhomo pompano, ukufuna ukalipezenso ku yunivesite?"

Sanafulumire kuyankha. Kenako anandikumbutsa za chiwawu chimene chinapsereza munda wa mayi ake chaka chapitacho, masamba onse kuda bii m'sabata imodzi ngati wina wadutsamo ndi moto. Anati mbewu imene timabzala ndi yomweyomweyo yobwezera chaka ndi chaka, n'chifukwa chake kachewere akunka nachepa. Anati amafuna akadziwe chimene chimachitika m'kati mwa mbewu ikamadwala. Mawu amenewa anali a munthu amene waganiza nthawi yaitali. Ine ndinawamva ngati mantha a mwana wakumudzi amene sadziwa kukula kwa mphatso yake.

"Wa mapointi 14 ndi dokotala," ndinatero. Ndinatenga cholembera changa chofiira, chomwe ndimachongera ana, n'kudula mzere pa Bunda. Mayi ake anali pakhomo, ndipo atamva liwu loti dokotala anaomba m'manja. Mwana sanayankhenso. Kwathu mwana wamkazi satsutsana ndi malume ake pamaso pa mayi ake.

Kuti mumvetse chimene chinandisocheretsa, muyenera kudziwa yunivesite imene inali m'mutu mwanga. Ine ndinakula Malawi ali ndi yunivesite imodzi. University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa 30 inali yokhayokha, ngati nkhuku ndi anapiye ake: Chancellor College imene inasamukira ku Zomba mu 1973, Polytechnic ku Blantyre, Bunda ku Lilongwe, Kamuzu College of Nursing ya mu 1979, ndi College of Medicine ya mu 1991. Tili anyamata tinkamvera pa wailesi mwambo wa omaliza maphunziro ku Great Hall, ndipo aliyense wa ife ankadziona atavala mkanjo. Ine sindinafikeko. Ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, ntchito ndimaikonda, koma kanjala kameneko sikanathe. Tsiku la fomu lija, njala imene ndinkafuna kuthetsa inali yanga.

Pamene ine ndinali kalikiliki ndi ana a Sitandade 5, zinthu zinali zitasintha kalekale. Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999. Bunda inachoka m'khola mu 2012 n'kukhala LUANAR, ndipo pambuyo pake Natural Resources College inalowa momwemo. MUST inayamba kuphunzitsa ku Ndata, m'boma la Thyolo, mu 2014. Ndipo pa 4 Meyi 2021 zotsalazo zinagawikanso patatu: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS, ndipo dzina loti University of Malawi linatsalira Zomba yokha. Mayunivesite aboma tsopano ndi 6, ndipo iliyonse ili ndi utsogoleri wake ndi malamulo ake. Zimenezi ndinkazimva pa wailesi, koma sizinalowe. Ndinkauzabe mwana kuti, "Chachikulu ungolowa, ukakhala m'kati udzasintha kupita kumene ukufuna," ngati kuti n'kusamuka m'chipinda kupita m'chipinda china m'nyumba imodzi.

Chachiwiri chimene ndinadalira ndi kota. Ndinauza mchemwali wanga kuti asadandaule, Ntcheu ili ndi malo ake, ndipo mtsikana wa mapointi 14 sangalephere kulowa pa malo a boma lathu. Ndondomeko yogawa malo potengera maboma ija inabwereranso mu 2009, koma boma linalengeza kuti yatha mu 2020. Mwana wa mchemwali wanga, wochokera pa sukulu imene chubu choyesera mankhwala ankachiona pa chithunzi cha m'buku, ankapikisana ndi dziko lonse, kuphatikizapo ana a m'sukulu zogonera konko amene akhala m'labotale zaka zinayi.

M'mawa mwake tinakwera galimoto la kachewere mpaka pamsewu wa M1, kenako minibasi mpaka pa boma. Tinalowa m'kashopu kena ka makompyuta. Ndinayamba kutchula: udokotala ku KUHeS, zamankhwala ku KUHeS komweko, uinjiniya wa misewu ndi nyumba ku MUBAS, zowerengera ndalama ku MUBAS, zachuma ku Zomba. Ndinafunanso zamalamulo. Mnyamata wa pakompyutayo anafufuza, n'kundiuza kuti zimenezo munthu salowa molunjika kuchokera ku Fomu 4, amayamba waphunzira zina kaye. Pamenepo ndiye pamene ndikanadzidzimuka, kuti ngati ichi sindimachidziwa, kaya zina zingati. Mnyamatayo anayang'ana magiredi a mwana, n'kuyang'ana mndandanda wanga, n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, simungaikepo ina yopepukirako pansipa?" Ndinamuyankha kuti agwire ntchito imene ndamulipira. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuposa pamenepo, chifukwa wina anandichenjeza ndisanafunse, ndipo ndinadyabe.

Panali chikalata chimene NCHE imatulutsa, chofotokoza pulogalamu iliyonse ndi maphunziro amene ikufuna. Chinali pa kompyuta yomweyo. Sindinachiwerenge. Ndikanawerenga ndikanaona chinthu chimene mphunzitsi aliyense wa ku sekondale amachidziwa: makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndi chiphaso chongokulowetsa pa mzere. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana, ndipo malo ndi owerengeka. Udokotala umayang'ana Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Uinjiniya umatsamira pa Masamu ndi Physics. Mapointi 14 a mwana wathu anamangidwa ndi Agriculture, Chichewa, Biology ndi Geography. Ine ndinamuika pa mipikisano imene mwendo wake wamphamvu sunkawerengedwa, ndipo ndinatero pa mzere uliwonse wa fomuyo, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panalibe ngakhale malo amodzi pamene 1 wake wa Agriculture akanamuyankhulira.

Tinadikira miyezi. Mayi ake anali atayamba kale kumutcha adokotala, ndipo amayi a kumpingo nawo anatengera. Tsiku limene mayina anatuluka ndinali ku sukulu. Ndinatsegula mndandanda pa foni nthawi yopuma, n'kufufuza dzina lake ku KUHeS. Panalibe. Ku MUBAS panalibe. Ku Zomba panalibe. Ndinabwereza katatu, mwina ndalakwitsa kalembedwe. Kenako ndinaona dzina la mnzake amene ankayenda naye m'mame muja, mtsikana wa mapointi 17, atasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku Mzuzu. Ndinalowa m'kalasi, koma sindikumbuka chimene ndinaphunzitsa.

Ndinamupeza kudimba, atagwira khasu. Anali atamva kale. Sanalire pamaso panga. Anangoti, "Zikomo amalume, ndamva," n'kupitiriza kupalira.

Chikhala kuti ndinaima pamenepo, bwenzi nkhaniyi ili ya chaka chimodzi chotayika basi. Koma manyazi ndi mlangizi woipa. Patapita milungu iwiri, munthu wina amene ndinakumana naye pa depoti ya basi anandiuza kuti ali ndi m'bale wake kumene amasankhako, ndipo kukubwera mndandanda wachiwiri wa malo amene eni ake sanapite. Anali wovala bwino, anali ndi chikwama cha mapepala, ankatchula mayina a mapulogalamu mosadodoma. Anati pangofunika kena kake kothokozera anthu atatu. Ndinapita kwa mchemwali wanga n'kumuuza kuti njira yapezeka. Anagulitsa matumba 12 a kachewere pa mtengo wa msanga, ndi mbuzi ziwiri. Ndalamazo ndinatumiza ndekha pa foni. Sabata yoyamba munthuyo ankayankha, ankati zikuyenda. Sabata yachiwiri foni inkangolira. Yachitatu nambala inasiya kupezeka. Malo a ku yunivesite yaboma sagulitsidwa pa depoti, ndipo ine, mphunzitsi, ndinkadziwa zimenezo. Ndinangofuna kwambiri kuti kulakwa kwanga kufufutike mwamsanga, munthu asanakuone bwino.

Mchemwali wanga sanandinyoze. Chimene anachita chinali chowawa kuposa kunyoza: anasiya kundibweretsera mapepala. Kalata ya kuchipatala ankapita nayo kwa mwana wa oyandikana nawo.

Chaka chimenecho mtsikanayo anachithera m'munda ndi pamsika. Masiku a msika ankapita ku Lizulu, kumene kabichi, karoti, tomato ndi kachewere zimaunjikidwa m'mbali mwa msewu, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, akuthamangira mabasi ndi beseni pamutu. Anyamata awiri anatumiza mawu a ukwati. Azakhali ake ena anayamba kunena kuti sukulu yamukana, asachedwe. Chaka chimodzi kwa mwana wamwamuna wa m'tauni n'chaching'ono. Kwa mtsikana wa kumudzi amene mudzi wonse unamutcha kale dokotala, chaka chimodzi chikhoza kukhala mapeto a zonse. Ndawaona ambiri amene sanabwerere.

Iye anabwerera. Anapita kwa mphunzitsi wake wakale wa Biology, mayi wodekha, amene anamuuza kuti mwayi woyesanso ulipo, n'kumusindikizira chikalata chonse cha mapulogalamu. Mwana anachiwerenga miyezi iwiri. Tsiku lina Loweruka anabwera kunyumba kwanga, n'kugwada pakhomo monga mwa mwambo, ndipo anati, "Amalume, ndabwera kudzakuonetsani. Sindinabwere kudzafunsa, ndabwera kudzakuonetsani." Anatsegula kope latsopano.

Chimene ndinaona m'kopemo ndi chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Ine ndinkasanja mayunivesite ngati mmene timasanjira ana m'kalasi, woyamba, wachiwiri, wotsiriza. Iye sanasanje mayunivesite. Anasanja ntchito. Pamwamba pa tsamba lililonse analemba chinthu chimene angakonde kuchita moyo wake wonse, ndipo pansi pake analemba malo onse kumene chimaphunzitsidwa, maphunziro amene akufunika, ndi magiredi ake pambali.

Tsamba loyamba linali la zomera, ndipo pafupifupi lonse linali la LUANAR. Ine Bunda ndinkaiyesa sukulu ya alangizi ovala magambuti. Mwana anandiwerengera: sayansi ya mbewu ndi nthaka, ulimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso, kasamalidwe ka mbewu zobzala, ulimi wa ziweto, udokotala wa ziweto, ulimi wa nsomba, zakudya ndi kadyedwe koyenera, zachuma ndi malonda a zaulimi, uinjiniya wa ulimi wothirira. Atafika pa wothirirawo anaima, n'kunena kuti, "Ku Bwanje kuja, ngalande zija sizinadzijambule zokha, amalume." Anandiuzanso kuti Bunda ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, njira ya ku Mitundu, ndipo ili ndi minda ndi makola akeake kumene ophunzira amagwira ndi manja. Udokotala wa ziweto anaulemba, koma pambali anaikapo kamtanda. Anati Chemistry wake samufikitsa. Anali ataphunzira kudziyeza yekha mosadzinamiza, chinthu chimene ine ndinalephera kumuchitira.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri n'chakuti ntchito imodzi imapezeka m'mayunivesite angapo, ndipo khomo lina limakhala lothinana kuposa linzake. Zankhalango ndi zansomba zili ku LUANAR, zilinso ku Mzuzu. Unamwino uli ku KUHeS, ulinso ku Mzuzu. Uinjiniya suli ku MUBAS kokha: MUST ili ndi wake wa zamankhwala a m'mafakitale, wa zitsulo, ndi wa zipangizo za m'chipatala, ndipo LUANAR ili ndi wa zaulimi. Zamakompyuta zili ku Zomba, ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuzu. Uphunzitsi uli ku Zomba ndi ku Mzuzu, MUBAS imaphunzitsa aphunzitsi a ntchito zaluso, LUANAR a zaulimi. Munthu amene amakondadi ntchito inayake ali ndi makomo angapo oti agogode. Amene amakonda dzina la sukulu ali ndi khomo limodzi, ndipo onse okonda dzina ali pakhomo lomwelo.

KUHeS anaipatsa theka la tsamba. Anati ngati munthu mtima wake uli ku chipatala, asamangoona udokotala, chifukwa kuli unamwino ndi uzamba, zoyeza magazi m'labotale, zolimbitsa mafupa ndi minofu, zamano. Koma iye anati fungo la chipatala salikonda, ndipo anali asanandiuzepo chifukwa sindinamufunse. MUBAS, ya pa Chichiri mu Blantyre, anailemba mwachidule: ya anthu a Masamu, ojambula mapulani a nyumba, oyeza malo, owerengera ndalama, atolankhani, azaumoyo wa m'madera. Zomba, yomwe ine ndinkailota, anailemekeza ndithu. Anati ndiko kuli sayansi, zachuma, zamalamulo, mbiri, zilankhulo ndi zisudzo, ndipo anaikapo sayansi ya zamoyo ngati imodzi mwa njira zake. Ya MUST inamukopa pa zanyengo ndi zamiyala, chifukwa cha Geography wake, ndipo anadabwa kupeza kuti sukulu ya sayansi ili ndi gawo la zachikhalidwe ndi nyimbo za makolo, lotchedwa dzina la Bingu wa Mutharika, amene pamalo pake pa Ndata sukuluyi inamangidwa.

Za Mzuzu ndiyenera kuvomera tsankho langa. Ndinkaiona ngati sukulu ya kutali, ya anthu ena, imene inayambira m'nyumba za koleji ya aphunzitsi ku Luwinga. Chimene ndinkachikumbukira n'chakuti laibulale yake inapsa mu Disembala 2015, basi. Koma kuli maphunziro amene kwina n'kovuta kuwapeza: zokopa alendo ndi mahotela, kasamalidwe ka mabuku ndi zolembedwa, zamaso, mphamvu za dzuwa ndi mphepo, kayendetsedwe ka malo. Ilinso ndi maphunziro a patali, ndipo amodzi mwa malo ake ali ku Balaka, pafupi ndi ife pompa. Mnzake wa mapointi 17 uja anali kale kumeneko. Mzuzu sinamulume.

Tsamba lomaliza linali la ndalama, ndipo ili ndi limene makolo ambiri sitilemba. Ife a ku Ntcheu tili ndi mwayi umodzi: tili pakati. Lilongwe ndi Blantyre zonse ndi ulendo wa maola ochepa pa M1, Zomba timadzera ku Balaka ndi Liwonde, Ndata timadutsa Limbe kulowera cha ku Goliati. Mzuzu yokha ndiyo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 500, kudutsa Lilongwe, Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, ndipo mwana wa kumeneko sabwera maliro aliwonse. Koma mtunda si ndalama ya basi yokha. Ndi funso lakuti thumba la ufa ndi ndowa ya nyemba zimufika bwanji. Nthawi imene ophunzira ankagona ndi kudya mwaulere, imene ine ndinkaidziwa, inapita. Malo ogona m'sukuluzi ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, ndipo ambiri amachita lendi kunja, ku Chikanda ngati ali ku Zomba, ku Luwinga ngati ali ku Mzuzu, m'makomboni a Blantyre ngati ali ku MUBAS. Chipinda cha mumzinda wa Blantyre si mtengo umodzi ndi cha kufupi ndi Bunda. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, lilipo, koma ngongoleyo imafunsiridwa payokha, si onse amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole ndithu, idzabwezedwa. Mwana anali atalemba zonsezi, mpaka dzina la mudzi wa mlongo wa malemu bambo ake amene amakhala njira ya ku Mitundu, kumene angafikire masiku oyamba.

Pansi penipeni, ndi zilembo zazing'ono, analembapo Domasi ndi Nalikule, makoleji a aphunzitsi a ku sekondale, ndi Malawi College of Health Sciences. Anati ngati zikanika kachiwiri, sadzakhalanso chaka china pa Lizulu. Anatinso ngati angaganize za sukulu yoti si yaboma, adzayamba waona ngati ili pa mndandanda wa sukulu zovomerezeka umene NCHE imatulutsa. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, koma tonse awiri tinkadziwa kuti akunena za mbuzi ziwiri zija.

M'Chichewa timati mwana wasankhidwa, ngati kuti iye amangokhala chete wina n'kumutola. Mawuwa amatinamiza. Woyamba kusankha ndi mwanayo, tsiku limene akudzaza fomu, ndipo osankha aja amangoyankha zimene iye wafunsa. Sangamupatse chimene sanapemphe, ngakhale chikanamuyenera chotani. Ndikaganiza kuti mzere wofiira umodzi, wodulidwa pa mphasa m'kamphindi, unalemera kuposa zaka zinayi za kuyenda m'mame, mtima umandiwawa mpaka lero. Ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha. M'midzi yathu muli amalume ambiri, azibusa, aphunzitsi, achimwene a kutauni, amene amakonda ana awo moona mtima koma akuwatsogolera ndi mapu a dziko limene linasintha. Timafuna dokotala, loya ndi injiniya chifukwa ndi mayina atatu amene tingawatchule pa maliro ndi pa ukwati anthu n'kugwedeza mitu. Chikomekome cha mkuyu. Sitifunsa kuti mwanayo magiredi ake akuloza kuti, kapena kuti iye akadzuka m'mawa amaganiza za chiyani.

Fomu yachiwiri anadzaza yekha. Ine ndinamuperekeza mpaka pakhomo la kashopu komwe kaja, n'kukhala panja pa benchi. Pamwamba anaika chimene mtima wake unkafuna, cha mbewu, ku Bunda. Pansi pake anaika zina za ku LUANAR komweko, kenako za ku Mzuzu ndi ku Zomba, kutsika ngati makwerero, kuti akaterereka pa sitepe ina agwere pa inzake. Mnyamata wa pakompyuta uja atatuluka kukagula chingwe anandizindikira. Ndinamupepesa. Anangoti, "Zimachitika, bambo, amabwera ambiri."

Mayina atatuluka, lake linalipo, pa chisankho chake choyamba.

Nthungululu zinamvekanso, koma tambala sanaphedwe, chifukwa ndalama iliyonse inali ndi ntchito. Mmene ankanyamuka n'kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo matiresi, chikwama, mbaula ndi nsapato zinali zitakwera mitengo kuposa mmene zikanakhalira akanapita chaka choyamba chija. Zimene zikanagulidwa ndi matumba 12 aja zinachita kupemphedwa kwa abale. Ine ndinatenga ngongole ku banki ya m'mudzi ya aphunzitsi anzanga, ndipo ndikubwezabe. Foni yabwino yowerengera analibe kwa chaka chathunthu, ankabwereka ya mnzake usiku.

Tinamuperekeza pamsewu m'mamawa, chifunga chili tolo. Anali ndi chikwama chimodzi, ndowa ya nyemba, ndi kathumba ka kachewere kamene mayi ake anasankha mmodzimmodzi. Minibasi ya ku Lilongwe itaima, anagwada pang'ono, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Tsalani bwino amalume." Sanatchule za kale, ndipo sanazitchulepo mpaka pano.

Pa tchuthi chapitachi anabwera ndi timapepala ta mmene mlimi angasankhire ndi kusunga mbewu ya kachewere, ndipo ndinamuona ali m'munda wa mayi ake, akuzula mapesi odwala n'kukawakwirira kutali, amayi anayi a m'mudzi atamuzungulira. Mlongo wake wamng'ono tsopano ali Fomu 4. Amakonda Masamu, ndipo amakonza mawailesi a anthu. Mwezi watha mchemwali wanga anabwera kunyumba kwanga koyamba ndi pepala m'manja, kalata ya msonkhano wa makolo. Nditamuwerengera anakhala kaye chete, akupinda pepalalo pawiri, kenako panayi.

"Achimwene," anatero, "nthawi ya fomu ya uyu ikadzakwana, mudzapite naye kuboma. Koma cholembera adzagwire yekha."

Ndinayankha kuti ndamva.